Tsiku Limene Ndinasinja Nyama mu Mtondo

Senderani kuno nonse, mafoniwo muwaike kaye pansi. Mwakhala mukundiseka kuti ndikamasankha nyemba ndimapatula zakuda n'kuziponya m'kachitini, ngati ndani wandituma. Lero mumva chiyambi chake. Koma musandidule pakamwa, chifukwa nkhani imeneyi ndikaiyamba mtima umathamangabe.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Kawale, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, kuseri kwa chigayo. Ine ndinali nditasiya munda wanga ku Dedza kudzadwazika bambo anu. Ndizingoti mwana wanga, poti kwa ine ndi mwana basi, ngakhale amere imvi. Iyeyu anali kuki kwa azungu ena ku Area 10. Azunguwo atabwerera kwawo ntchito inatha, ndipo posakhalitsa thupi nalo linayamba kutha. Matenda ake anali omwe aja anthu sankawatchula dzina, ankangoti a masiku ano. Mwayi wake, mankhwala otalikitsa moyo anali atangoyamba kuperekedwa kuchipatala, ndipo iye anawalandira.

Tsiku loyamba kulandira mankhwalawo tinapita atatu: iye, ine ndi mayi anu, mpongozi wanga. Anamwino anatiuza zinthu ziwiri, ndipo anazibwereza mpaka zinakhazikika m'mutu. Choyamba, mankhwala amenewa asasakanizidwe ndi a zitsamba, ngakhale kamuzu kamodzi. Chachiwiri, wodwala azidya. Anati mankhwala opanda chakudya amangomukwapula munthu. Ulendo uliwonse azikwera pa sikelo, ndipo sikelo ikapitirira kutsika amugoneka.

Mawu akuti kumugoneka ndi amene mwana wanga sankafuna kuwamva. Anzake angapo anali atagonekedwa osabwerako, ndiye iye anali atatsimikiza mumtima kuti tsiku lomugoneka ndi tsiku lotsanzikana. Koma kudya, ayi. Phala ankangoliyang'ana. Therere, mazira, msuzi wa nkhuku, nthochi zakupsa, zonse ankati zili zii, m'kamwa mukumveka ngati watafuna msomali. Akameza masupuni awiri kuti atisangalatse, beseni lizikhala pafupi. Lamba anaboola mabowo atsopano mpaka anasiya kuvala lamba. Ndikamusambitsa ndinkaopa kutikita msana, kuopa kuti khungu lingang'ambike pa mafupa.

M'nyumbamo munalinso china. Azakhali ake atabwera kudzazonda anasiya mawu akuti mwina ndi mdulo, ndiye mkazi wake asamathire mchere m'ndiwo za wodwala, azithira ndine. Mayi anu anangotsatira. Ankaphika, n'kuika mchere pambali, n'kutuluka. M'mawa ankapita kukagulitsa tomato m'mbali mwa msewu ku Biwi, madzulo n'kubwera. Tinkapatsana moni bwinobwino, koma mukudziwa mmene zimakhalira akazi awiri akamapatsana moni bwinobwino kwambiri.

Tsiku lopitanso ku sikelo likuyandikira, ine tulo tinali titandithawa. Masana ena mayi anu ali ku Biwi, ndinamva mwana wanga akundiitana ndi mawu aang'ono ngati a mwanapiye. Ndinagwada pambali pa mphasa. Anati walota ali m'khitchini ya azungu aja, akuphika chakudya china chimene bwana wake ankachikonda nyengo yozizira, ndipo wadzuka malovu ali m'kamwa. Malovu, ana inu. Munthu amene milomo yake inali itauma ngati chikopa.

Ndinafunsa kuti chakudya chanji. Anati amachitcha tchili. Nyemba zakuda, nyama ya ng'ombe yogaya yopanda fupa, anyezi, adyo, tomato wambiri, tsabola, zonse mu poto mmodzi.

Ndinaganiza kuti mwina mutu wayamba kusokonekera. Kwathu nyama ndi ndiwo payokha, nyemba ndi ndiwo pazokha. Munthu wopeza nyama saibisa mu nyemba, amaiika poyera kuti aliyense aone nthuli yake. Ndipo tsabola kwa munthu wa m'mimba mopanda kanthu? Koma chiyambire kudwala chinali chinthu choyamba chimene anapempha ndi pakamwa pake. Akanati akufuna mwezi ndikanayamba kufunafuna makwerero.

Ndinamanga chitenje n'kupita kumsika wa Kawale. Ine nyemba ndimazidziwa, ndakulira m'munda mwake: nanyati, kholophethe, napilira, zoyera zija. Koma zakuda zokhazokha ndinali ndisanazionepo pa beseni la wogulitsa. Mayi woyamba amene ndinamufunsa anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Zakuda zokhazokha, agogo? Wakutumani ndani?"

Anzake anaseka chamumtima, n'kuyang'ana kumbali. Apo m'pamene ndinazindikira mmene zikumvekera. Paja amene amatuma munthu zinthu zakuda amadziwika: nkhuku yakuda, nsalu yakuda, mbuzi yakuda. Ndinayesa kufotokoza kuti ndi chakudya cha azungu, koma kufotokozako kunangowonjezera kuseka.

Ndinayenda wapansi mpaka ku Mchesi. Kumeneko bambo wina wa ku Ntcheu anali ndi thumba la nyemba zosakaniza, zija zotsika mtengo zimene mumapezeka mtundu uliwonse. Nditapisa dzanja ndinaona zakuda zili apo ndi apo, zing'onozing'ono, zonyezimira. Ndinamupempha kuti andilole kusankha. Anakanda mutu, n'kunena kuti bola zakudazo n'zimene ogula ena amadandaula nazo kuti zimadetsa msuzi, ndiye ndimuthandiza. Anandibwereka lichero. Ndinakhala pansi pafumbi, miyendo tambalale, n'kumatola imodziimodzi, mawilibala akundilambalala, mpaka mthunzi wa shedi unasuntha n'kundisiya padzuwa. Maso anachita mdima, msana unauma, koma mbale inadzaza.

Nditadzutsa mutu ndinaona aneba athu a khomo loyang'anizana, mayi wamkulu wa kumpingo, ataima ndi thumba la makala pamutu. Kaya anaima nthawi yaitali bwanji. Anandipatsa moni, maso ali pa mbale ija, n'kupitirira.

Madzulo ndinaziviika m'madzi monga anandiuzira mwana wanga, chinthu chimene kwathu sitichita, timangotsuka n'kutereka. Mayi anu pobwera anapeza beseni pakona, madzi ake atada bii ngati mwagwera makala. Anafunsa. Ndinafotokoza zonse, za maloto, za azungu, za nyama yopanda fupa. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kulowa kuchipinda kukafunsa mwamuna wake. Koma iye madzulo amenewo thupi linali litatentha, anangobuula nkhope ili kukhoma. Mayi anu anatuluka, anati chabwino amayi, n'kuyamba kutsuka mbale zimene zinali zotsukatsuka kale.

M'mawa mwake iye atapita ku Biwi ndinatereka nyemba pa mbaula, n'kuthamangira kwa ogulitsa nyama. Ndinapempha mnofu wokhawokha. Mnyamata wa chikwanje anafuna kundiwonjezera kafupa ka msuzi, ndinakana, nayenso anandiyang'ana modabwa. Makina ogayira nyama kunalibe kumeneko, anali m'masitolo a m'tauni kumene ine sindinkalowako. Ndiye ndinaiduladula ndi mpeni tizidutswatizidutswa, n'kuiika mu mtondo waung'ono wa nsinjiro, n'kuyamba kusinja.

Mtondo wa nyama sulira ngati wa mtedza. Umalira mofewa, monyowa, thapu, thapu. Pa mdadada wa nyumba za lendi palibe chobisika. Ndinaona makatani akugwedezeka. Aneba aja anatuluka kudzayanika zovala zimene ndikhulupirira zinali zouma kale, anayanika pang'onopang'ono, kenaka anamanga mpango n'kutuluka pa geti mofulumira. Mtima unandiuza kumene akupita, koma nyemba zinali pamoto, sindikanawathamangira.

Ndinakokera mbaula pafupi ndi khomo, chitseko n'kuchisiya chotsekula kuti mwana wanga azindiuza zochita. Anali chigonere, maso otseka, koma mawu ankatuluka. Anyezi ayambe wafiira. Adyo apite pambuyo, asapserere. Nyama ilowe, muziibalalitsa ndi mthiko isagwirane. Musathire madzi, amayi, tomato atulutsa ake. Ndinadabwa kumva munthu uja wa mawu a mwanapiye akulamula ngati ali pa ntchito. Kenaka anati nditsekule sutikesi yake, pansi penipeni pali jekete yoyera ya ukuki, m'thumba mwake muli kabotolo.

Kabotoloko kanalibe chizindikiro chilichonse. Munali ufa wofiirira, fungo lake lachilendo, lolowa m'mphuno ngati thukuta la munthu wochokera kumunda. Anati dona wake, mkazi wa bwana uja, anamupatsa popakira katundu, ndi timbewu tina togaya timene amagulitsa amwenye, ndipo popanda timeneti chakudyacho si chimenecho. Ndinathira monga ananenera. Za tsabola anangoti muthire, n'kugona tulo. Ine tsabola sindidya chibadwire, sindidziwa muyeso wake. Ndinali nditagula mulu wa kambuzi ndi wina wouma wofiira. Ndinaganiza kuti munthu amene m'kamwa mwake muli zii afunika wambiri. Ndinasinja yense n'kukhuthulira momwemo.

Itafika nthawi yothira nyemba mu nyama, ndinazengereza. Ndinaona ngati ndikuononga nyama yabwinobwino imene sitikanaipezanso msanga. Ndinatseka maso n'kukhuthula. Zinabwata, zinalemera, zinasanduka zakuda mofiirira ngati dothi la kudambo. Kunena zoona sizinkaoneka ngati chakudya cha munthu. Fungo lokha ndi limene linadzaza mdadada wonse.

Ndili chivundulire, geti linalira. Analowa mayi anu, beseni la tomato likadali lodzaza pamutu, aneba ali pambuyo. Sanafuule. Bola akanafuula. Anatula beseni, anayang'ana mtondo umene unali ndi timinofu m'mbali, anayang'ana poto, kenaka maso ake anagwera pa kabotolo kamene ndinakaiwala pa khonde. Anakatola, anakanunkhiza, nkhope inasintha.

"Amayi, anamwino anati chiyani?"

Ndinati ndikukumbuka zimene ananena, ndipo umu mulibe chitsamba. Ndinafotokozanso za dona, za jekete, za amwenye. Iye anati wakhala ndi mwamunayu zaka zonsezi, sutikesi imeneyo amaipakira ndi iyeyo, kabotolo aka sanakaonepo. Ndinati dzutsa mwini wake umufunse. Anati mwini wake wagona m'nyumba, sanaone zimene zalowa mu poto, ndipo mwana sangatsutse mayi ake ngakhale atamumwetsa chiyani. Aneba anathira ndemanga kuti iwo sakunena kanthu, koma nyemba zosankha mtundu, nyama yosinja ndi ufa wa m'kabotolo, zinthu zitatu zimenezi sizikumana pachabe.

Musamuone molakwa mayi anu. Iye ankateteza mankhwala a kuchipatala, chinthu chokhacho chimene chinali chitatipatsa chiyembekezo. Ndikanakhala ine ndikanaganiza chimodzimodzi. Anakulunga manja ndi nsonga za chitenje, n'kugwira poto m'makutu mwake. Ngalande inali pomwepo, masitepe ochepa kuchokera pa khonde.

Ndinaona tsiku la sikelo, ndinaona bedi la kuchipatala, ndinaona nyemba zija ndinatola imodziimodzi zikuyandama mu ngalande. Kulimbirana poto wowira sikukanatheka, tikanapsa tonse. Ndinangomugwira pamkono pang'ono.

"Mwananga, kwathu wopereka thobwa kwa mlendo amayamba wamwako yekha. Ika pansi, ndiyambe ndine."

Anazengereza, kenaka anaika. Ndinatenga chipande, osati supuni, kuti asanene kuti ndangonyambita. Ndinatunga chodzaza, ndinauzira, n'kuika m'kamwa.

Poyamba ndinamva kukoma kwa nyama, ndinati kani zili bwino. Kenaka moto unayaka. Unayambira pa lilime, unakwera m'mphuno, unatulukira m'makutu. Ndinafuna kulavula koma ndinadziwa kuti ndikalavula nkhani yatha, anena kuti ndaopa mankhwala anga omwe. Ndinameza. Misozi inatsika, mamina anatsika, mpango unagwa kumutu. Ndinatunganso kachiwiri, ndinamezanso. Apo ndiye ndinalephera kudzigwira, ndinathamangira ku ndowa, n'kumwa madzi ndi chikho chosambira, ndikupemerera lilime ndi dzanja ngati galu wa m'chilimwe. Aneba anabwerera m'mbuyo, akuti taonani zayamba kugwira mwini wake.

Ndiye tinamva phokoso kukhomo. Tonse tinaganiza kuti ndi chifuwa chija chamugwira, mayi anu anatembenuka kuti athamangire beseni. Koma anali ataima. Mwana wanga, amene kupita kuchimbudzi tinkachita kumugwirizira awiri, anali ataima yekha atagwira felemu ya chitseko, bulangete lili paphewa, akuseka. Kuseka kwake kunalibe mphamvu, kunkangotuluka mpweya, koma mapewa ankagwedezeka.

"Amayi, mwathira tsabola yense?"

Ndinangogwedeza mutu. Anatsetsereka n'kukhala pansi pakhomo pomwepo, akusekabe. Anatambasula dzanja kupempha kabotolo kwa mkazi wake. Anakanunkhiza nthawi yaitali, maso otseka. Anamuuza kuti anakabisa m'jekete chifukwa ankati tsiku lina akadzapeza ntchito ina adzamuphikira iyeyo chakudya chimenechi, amudabwitse. Kenaka anati, ndipatseni mbale.

Mayi anu sanapereke mbale nthawi yomweyo. Anatenga chipande chija m'manja mwanga, anatunga, analawa. Paja iye ndi wa ku Chiradzulu, tsabola anayamba kudya asanamere mano onse. Sanatsokomole n'komwe. Anatafuna pang'onopang'ono ngati akufufuza muzu ndi lilime. Pomaliza anati mankhwala sakuwamva, koma mchere mulibe.

Zoona, m'chipwirikiti chonsecho mchere ndinali nditaiwala. Unali pawindo, m'kambale kake. Ndinautenga. Aneba ankandiyang'ana, paja nkhani ya azakhali ija ankaidziwa, pa mdadada palibe chinsinsi. Manja anga anali onyowa ndi misozi ndi madzi a mu ndowa. Ndinapereka kambaleko kwa mayi anu.

"Thira ndiwe. Ine lilime lafa."

Anandiyang'ana kanthawi. Kenaka anatapa ndi zala, anawaza, anavundula, analawanso, n'kuwonjezera pang'ono. Anathiramo tomato wina wa m'beseni lake kuti ukali utsike, n'kuphika kampunga kofewa pambali.

Musaganize kuti mantha anathera pamenepo. Mwana wanga atagwira supuni ine ndinali nditaika kale beseni kuseri kwa msana wanga kuti asalione. Supuni yoyamba anaisunga m'kamwa nthawi yaitali. Ndinkayang'ana pakhosi pake. Inatsika. Thukuta linatuluka pamphumi. Anati nyemba zafewa kwambiri, nyama sinakazingike mokwanira, bwana wake akanabweza mbale. Akunena choncho supuni ikupitanso. Sanamalize mbale, anadya mwina theka, n'kutsamira khoma. Tinakhala pamenepo akazi awiri, osasuntha, kudikira kuti zibwerera kapena ayi. Ntchentche ikatera pa iye mtima unkadumpha. Dzuwa linapendeka, ana a sukulu anadutsa, ogaya anaweruka. Beseni linakhala louma. Chakumadzulo anafunsa ngati zotsala zija tazisunga, chifukwa akuti zimakoma kwambiri zikagona.

Tsiku la sikelo tinapita atatu monga kale. Atakwera ine ndinayang'ana pansi, poti manambala sindiwadziwa, ndinkangodikira nkhope ya anamwino. Anati sikelo sinakwere. Mtima unagwa. Kenaka anati komanso sinatsike, ndipo aka n'koyamba. Anafunsa kuti akudya chiyani. Mayi anu anafotokoza, anamwino anati tsabolayo tichepetse kwambiri, koma nyemba ndi nyamazo tipitirize. Sanamugoneke. Pobwerera mu minibasi anagona tulo mutu uli paphewa la mkazi wake, ine nditanyamula thumba la mankhwala pamiyendo ndi manja awiri.

Bambo wa ku Mchesi uja anazolowera, ankandipatulira zakuda m'kajumbo ndisanafike, mpaka anabwerera kwawo ku Ntcheu kukalima mbatatesi. Aneba anasamukira ku Chinsapo kwa mwana wawo. Tinkakumana pa maliro n'kumachezerana bwino, koma mpaka kumwalira kwawo sanalaweko chakudya cha m'nyumba mwathu, ngakhale tiyi. Azakhali atamva za mchere anakwiya, anakhala nthawi osabwera, kenaka anabwera okha pa ubatizo wa mmodzi wa inu n'kudya ndiwo zimene mchere wake anathira mayi anu, osafunsa. Mayi anu mukuwaona, tomato uja anasanduka okala ya ku Area 23. Bambo anu thupi linabwerera pang'onopang'ono, mvula ziwiri zinadutsa asanayambe kunyamula ndowa yodzaza, kenaka anapeza ntchito yophika pa malo ena ogona alendo ku Area 49, ndipo mankhwala awo akumwabe m'mawa uliwonse monga mumawaonera. Iwe wotsiriza unabadwa pambuyo pa zonsezi, wopanda kachilombo. Ine ku Dedza sindinabwererenso, munda anatenga achimwene anga. Tsabola sindidyabe. Kachitini aka kakadzaza muwauze bambo anu agule nyama, koma ulendo uno akagayitse kusitolo, mapewa anga ndi mtondo zinasiyana kalekale.